Zigubu Ziwiri ku Mabvuku

Lamulungu ndinavala bulauzi yoyera ya Mvano,
yosita ndi simbi ya makala
poti magetsi anachoka Lachinayi osatsazika.
Abusa anawerenga za chikho cha madzi ozizira
ndipo Amen wanga anaposa onse a pabenchi lathu.

Lolemba, nthanda isanazime,
ndinali pamzere wa mjigo kuno ku Mabvuku,
kumene mpopi wathu unaiwala ntchito yake
Yosofati wanga akadali kumsana.
Pano ali ndi ndevu, amaitanira makombi m'tauni.
Pamzere palibe yunifolomu.
Pali zigubu zachikasu, miyala yosungira malo,
ndi milomo imene sinaonane ndi tiyi.

Mai Tarisai, a kuseri kwa mpanda wanga,
ndiwo anakankha chigubu changa ndi phazi chaka chatha,
nanena mokweza, anthu ali bii,
kuti ife obwera, opanda kumudzi, tizitunga pomaliza.
Ine wobadwira ku Mbare konkuno,
mwana wa Che Lifa
amene anapindika msana akusesa misewu ya mzinda uno.
Sindinayankhe. Musandiyamikire:
ndinangosowa mawu akuthwa mokwanira.
Ndinawapeza usiku ndili gone
ndipo ndakhala ndikuwanola chinolere.

Tsopano masabata atatu mwala wawo uli wokha.
Akuti shuga, mwendo watupa.
Ana ali ku Joni, amatumiza moni ndi zithunzi,
koma madzi sadutsa pafoni.

Ndinamuuza Mulungu mosapsatira: sindikufuna.
Ndinamukumbutsa phazi lija, tsiku lake,
ndi mayina a onse amene anaseka.
Sananditsutse. Sanayankhenso.
Anangondisiya ndi Amen wanga uja
akulira m'khutu ngati udzudzu.

M'Buku chikhocho n'chopepuka,
chala chimodzi chimachinyamula potsegula tsamba.
Ku Mabvuku chimalemera malita makumi awiri
ndipo ulendo wake ndi wokwera.
Ndinapopa kawiri.
Anyamata olondera mjigo anafuna ndalama kawiri,
dola yanga yomata ndi selotepi
anaiunika kudzuwa asanailandire.

Ndinagogoda.
Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nkhata,
nati, ikani apo.
Basi.
Ndinabwerera ndikung'ung'udza
ngati wilibala yosowa mafuta.
Lachiwiri, ikani apo.
Lachitatu sanatsegule n'komwe.

Lachinayi chitseko chinali chotsekula.
Fungo linandilonjera lisanafike liwu.
Anali atakhala pamphepete pa bedi,
nsalu yomanga bala itauma gwaa,
dzanja lawo likulephera kufika pansi.
Ndinagwada, osati chifukwa cha chiyero,
beseni linali pansi basi.
Nditamasula nsalu ndinalizindikira:
lakumanja, lomwe lija.
Linali lotentha, lolemera ngati mwana wogona.
Mawu anga onola aja anali pa lilime, okonzeka,
koma manja onse awiri anali otanganidwa
ndipo sindinadziwe powagwirira.

Ndinatsuka ndi madzi amchere.
Iwo anayang'ana kudenga, ine m'beseni.
Panja kombi inali kukuwa kuti m'tauni, m'tauni.

Sanapepese mpaka lero.
Inenso sindinganame kuti ndakhululuka zonse;
zina zimabwerera ndikamakwera kamtunda kaja
khosi likulira.
Dzulo lokha anandifunsa dzina langa lenileni.
Zaka khumi ndi ziwiri mpanda umodzi.
Ndinati Elube.
Analibwereza pang'onopang'ono ngati akulawa mchere.

Mawa ndi Lamulungu.
Bulauzi ya Mvano sinachapidwe,
madzi ake anapita kuseri kwa mpanda.
Pakolala pali mzere wa thukuta ndi fumbi lofiira,
amayi a pabenchi lathu adzauona, ndikuwadziwa.
Ndidzaivala choncho.
Abusa akawerenganso vesi lina lokoma
ndidzayamba ndaliyesa kulemera kwake,
kenako Amen wanga adzatuluka
wamng'ono, wosasa mawu.
Mbandakucha wa Lolemba ndili ndi zigubu ziwiri.